Kupempha Makilo Khomo ndi Khomo

Sumie Kurihara ankakhuthula masamba a tiyi m'bini ya m'kachipinda kophikira pamene anaona timapepala tobiriwira tisanu. Tinali tokulungira timakeke ta nyemba zotsekemera, ta kusitolo ya pafupi ndi siteshoni, kumene Pulofesa Otsuki ankagula akakhala ndi nkhani yoti ayendetse. Anatiyang'ana kanthawi, kenaka anatsuka kapu yake n'kuivundikira pathireyi.

Pa nsanjika yachitatu panali zitseko zisanu ndi chimodzi, kupatulapo cha a Pulofesa. Timapepala tisanu, zitseko zisanu ndi chimodzi. Masamu ake sanafunike digiri.

Msonkhano wa gulu unali wa Lachitatu, koma aliyense amene wagwirapo ntchito pamalo ano amadziwa kuti pamsonkhano sipagamulidwa kanthu. Nkhanga zimapangana kusanapse. Kukatsala masiku angapo, mkulu amayenda khomo ndi khomo atanyamula kabokosi. Amakhala pansi, amafunsa za mayeso a ana ndi za bondo lija, ndipo akamatuluka amakhala atatenga kale "inde" wa munthuyo. Pamsonkhano anthu amangobwera kudzagwedeza mitu pamodzi. Amene sanagogoderedwe, nkhaniyo ndi yake.

Zonsezi zinayamba mu Epulo, pamene bungwe la boma loona za m'mlengalenga linalengeza mpikisano. Limatero kamodzi pa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Limati: tili ndi roketi imodzi yaing'ono, ndipo idzanyamula chombo chimodzi. Amene ali ndi ganizo la kumene chombocho chingapite ndi zimene chingakachite, alembe masamba makumi anayi, asapitirire. Magulu a m'mayunivesite amalemba. Komiti ya akatswiri imawerenga, n'kusefa, n'kuitana ochepa otsalawo kuti adzayankhe mafunso pamaso. Magulu awiri amapatsidwa zaka ziwiri zoti akhwimitse maganizo awo, ndipo pamapeto pake limodzi lokha ndilo limamanga chombo. Ena onse amalandira kalata yaulemu kwambiri, yowathokoza chifukwa cha khama.

Sumie anali ndi makalata atatu otere m'kabati, pansi pa mankhwala a mutu.

Gulu lawo linkafuna kupita ku Nthanda, dziko lija looneka ngati nyenyezi yowala m'mamawa. Chombo chikazungulire dzikolo, kamera ya a Pulofesa ikajambule mitambo yake kuchokera pamwamba, ndipo chibaluni cha Sumie chikaponyedwe m'mitambomo, chikayandame masiku angapo chikulawa timadontho ta asidi n'kumatumiza uthenga mpaka chitafa. Anachiyamba ali ndi zaka 35, tsitsi lonse lili bii. Tsopano anali ndi 54. Roketi ya mpikisano uno inkayembekezeka kunyamuka chaka chomwe iye adzapume pantchito. Ya mpikisano wotsatira adzaionera pa wailesi yakanema ngati wina aliyense.

Vuto linali patsamba lachitatu la malamulo. Roketi inkatha kukankha makilo 500, koma pempho lililonse linayenera kusiya makilo 100 opanda kanthu, popeza zombo zimanenepa zikamamangidwa, monganso anthu a m'maofesi. Malire choncho anali 400. Nagumo, injiniya amene ankawonkhetsa kulemera kwa zipangizo za aliyense, anapeza 440. Chibaluni chokha chinali 62.

Lachitatu anakhala pansi monga mwa ukulu, a Pulofesa kutali ndi chitseko, Sumie kudzanja lawo lamanja popeza anali wachiwiri wawo. Kunja mvula ya mu Juni inkagwa mosafulumira, ngati ili ndi mwezi wonse. A Pulofesa anayankhula mphindi makumi anayi. Anayamba ndi aphunzitsi awo amene anamwalira kale, anadzera pa anthu akale omwe ankalawira m'mamawa kuyang'ana Nthanda, anafika pa iwo eni ali mnyamata wovala nsapato zong'ambika, ndipo atatsala pang'ono kuiwala chimene anthu anasonkhanira, anati nthawi zina dokotala amadula chala kuti dzanja lipulumuke. Chibaluni anachitchula kamodzi, m'chiganizo chomaliza. Kenaka anafunsa ngati pali wotsutsa.

Anthu asanu anayang'ana tebulo. Sumie nayenso anayang'ana tebulo. Panali kamzere kozungulira kamene kapu ya wina inasiya, ndipo anaganiza kuti pakufunika kansalu konyowa. Anadikira kuti mtima upweteke, monga munthu amadikirira basi pamalo pake, nthawi yake. Sipanabwere kanthu. M'chifuwa munali zii.

"A Kurihara ndiwo ali ndi dzanja labwino polemba," anatero a Pulofesa akutseka fayilo yawo. "Atichotsere mutu wachinayi, wa chibaluni uja, asoke bwino pamalopo pasaoneke chipsera."

"Chabwino, Sensei," anatero Sumie, powatchula mwaulemu monga amatchulira aphunzitsi.

Pempho linayenera kufika ku bungwe Lachisanu la sabata yotsatira, 5 koloko madzulo isanakwane. Lolemba, akukonza mndandanda wa zolemera, diso lake linaima pa mabatire a Hirose, mnzake wa m'gulu lomwelo. Panalembedwa 41. Chaka chathacho, chikepe chitafa, iye ndi Hirose ananyamula mabatire omwewo pamasitepe, amayi awiri akupumira nsanjika iliyonse. Pabokosi panali pepala la wotumiza katundu, ndipo linati 32. Mutu ukanatha kuiwala, koma msana wake unkakumbukira.

Anamupeza Nagumo kumalo odyera, pakona pake pa masiku onse, akukoka zingwe za soba, chakudya chonga supageti, m'mbale ya msuzi. Anali bambo wa zaka za m'ma 50, wa nkhope ya munthu amene anamva kale nkhani zonse.

"A Nagumo, mabatire a Hirose aja akulemera bwanji?"

"Papepala kapena pasikelo?"

Sumie anakoka mpando n'kukhala.

Nagumo anafotokoza akudya. Anati kale, iye akungoyamba ntchito, panali bambo wina amene chipangizo chake chinanenepa ndi makilo atatu chombo chili pakati pomangidwa. Bamboyo anaimirira pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi n'kuwerama mopepesa, ndipo anakhala chiweramire mpaka wapampando atamaliza kumwa madzi. Chichokere tsiku limenelo palibe amene amapereka nambala yeniyeni. Aliyense amaika makilo pang'ono m'thumba, kuopa kudzavutitsa anzake mtsogolo. Ndiye pamwamba pa zonsezo iye amaikanso makilo 100 a bungwe aja.

"Tonse tavala majuzi awiriawiri m'kati mwa jekete," anatero, "ndiye tikudabwa kuti chitseko chachepa."

"Bwanji simunanene Lachitatu?"

"Ndinadya keke, mayi. Pakamwa podzaza sipayankhula."

"Ndiye ndikawafunsa pamsonkhano?"

"Alumbira pa manda a makolo awo. Bongololo sadzolera mafuta pagulu." Anamwa msuzi, napukuta kukamwa. "Mukufunika makilo 40. Ine ndilibe chipangizo, ndilibe thumba. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sitolo ija amatseka 6 koloko."

Sumie atanyamuka, Nagumo anamuloza ndi timitengo todyera.

"Nanga inuyo? 62 wanu uja ndi wa papepala kapena wa pasikelo?"

"62 ndi 62," anatero Sumie. "Ndakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndimamudziwa kuposa tsiku langa lobadwa."

Nagumo anatsitsa timitengo n'kuweramitsa mutu pang'ono, kupepesa.

Mayi wa kusitolo ya makeke anamufunsa ngati a Pulofesa adwala kuti atume munthu. Sumie anati ali bwino. Anagula kabokosi ka timakeke khumi ndi tiwiri, ndipo Lachiwiri m'mawa anayamba kugogoda.

Hirose anayamba ndi nkhani ya chiuno cha apongozi ake, imene inatenga theka la ola ndipo inali ndi zithunzi za kuchipatala. Atamaliza keke yachiwiri anatseka chitseko, natsitsa mawu ngati akuulula chibwenzi, nati makilo asanu ndi anayi angapezeke, bola Sumie asanene kuti achokera kwa iye. Sumie anafunsa kuti pamndandanda wolembedwa "mabatire" anthu adzaganiza kuti achokera kwa yani. Hirose anati zimenezo n'zina, bola asanene.

Ebina, wa thanki ya mafuta ndi mafupa a chombo, anakana kaye kwa mphindi makumi awiri. Anati iye ndi injiniya, si wogulitsa nsomba woti aziika chala pasikelo. Kenaka anaonetsa Sumie zithunzi za nsomba zimene anagwira mu Meyi. Sumie anaziyamikira imodziimodzi, ngakhale ina imene inkaoneka kuti ndi yomweyo yojambulidwa mbali ina.

"Khumi ndi asanu," anatero Ebina pamapeto, akuyang'ana kukhoma. "Mwandisiya ndi kabudula wam'kati, a Kurihara. Chombochi chikadzanenepa, mudzawerama ndinu."

"Ndidzawerama."

"Mpaka wapampando amalize madzi."

"Ndi botolo lachiwiri lomwe."

Wa mawailesi anapereka asanu ndi awiri, atafunsa kaye kuti Ebina wapereka angati. Wa zoteteza kutentha anapereka asanu, ndipo anapepesa kwambiri moti Sumie sanadziwe ngati akupepesa chifukwa chobisa kapena chifukwa choulula. Pofika Lachinayi masana, Sumie anali ndi makilo 36 pakapepala. Anabwereranso pazitseko zonse zinayi kukakolopa zotsalira. Onse anamulandira bwino, onse anatambasula manja. Panatsala makilo anayi, ndi chitseko chimodzi.

Lachisanu m'mawa mwamuna wake Michio, amene anapuma kale ku kampani ya madzi ndipo tsopano ankakonza njinga za ana a eni ake mwaulere, anamuyang'ana akukulunga kabokosi katsopano pansalu.

"Amayi anga ankapempha mchere kwa oyandikana nawo," anatero. "Iwe ukupempha makilo. Maphunziro ndi abwino."

"Idya nsombayo isanazizire."

"Wakwiya?"

Sumie analingalira funsolo moona mtima. Anafufuza m'kati mwake monga munthu amapapasa matumba kufuna makiyi. Anati sakudziwa, mwina aona mawa.

Ofesi ya a Pulofesa inali ndi zithunzi khumi ndi chimodzi pakhoma, ndipo m'chilichonse munali a Pulofesa ndi munthu wina wofunika, yemwe nthawi zambiri anali wodulidwa phewa. Anamulandira mwansangala, namuthirira tiyi ndi dzanja lawo. Sumie anaika kabokosi patebulo, nafotokoza zonse mwachidule, osatchula dzina la aliyense. Anati gulu lapeza kuti lingapepuke ndi makilo 36. Anati kamera inalembedwa 55, ndipo anangofuna kudziwa ngati Sensei angaione kachiwiri.

A Pulofesa anamwetulira ngati amva mwana akufotokoza maloto.

"Kamera yanga ilibe mafuta, a Kurihara. Ndi mnofu wokhawokha."

"Makilo anayi okha, Sensei."

"Gulu linagwirizana. Mukufuna ndikawauze anthu asanu kuti anagwedeza mitu pachabe? Mgwirizano ukang'ambika kamodzi, zaka khumi zikubwerazi tidzayenda bwanji?"

"Anayi mwa anthu asanuwo ndiwo apereka 36."

"Apereka kwa inu. Kwa ine sanandiuze kanthu."

Zinali zoona. Sumie anamwa tiyi.

A Pulofesa anayang'ana mvula pawindo kwa nthawi ndithu. Kenaka anati, mofatsa, mwina mtsogolo kamera idzafuna galasi lokulirapo. Sanaliganizire bwino, koma akulimva likubwera. "Munthu wa msinkhu wanga maganizo amamufika mochedwa," anatero, "koma amafika aakulu. Ayenera kupeza malo."

Atatero anakankha kabokosi ka makeke ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, mpaka kanafika pamaondo pa Sumie. Anati dokotala wawaletsa shuga. Anathokoza chifukwa cha mtima wabwino.

Sumie ananyamula kabokosi kake n'kuwerama pakhomo. Pakhonde anakumana ndi Nagumo, amene anaona kabokosiko n'kumva zonse.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero Nagumo.

"Mukufuna keke?"

"Ziwiri."

Kutumiza 404 sikunali kotheka. Fomu ya bungwe pakompyuta inali ndi kabokosi ka kulemera, ndipo nambala ikapitirira 400 kankafiira psuu, batani lotumizira n'kufa. Kompyutayo sinkadya makeke. Komanso patsamba loyamba pankafunika chidindo cha a Pulofesa. Choncho masana amenewo Sumie anachotsa mutu wachinayi. Anasoka bwino. Pamene kale pankati funso la mitambo ya Nthanda silingayankhidwe popanda kulowamo, tsopano pankati mbali yofunika ya funsolo ingaunikidwe kuchokera pamwamba, ndipo chiganizocho chinali chokongola kuposa choyamba chija. Makilo 36 anawabwezera kwa eni ake, aliyense m'thumba mwake, popeza anapatsidwa chifukwa cha chibaluni, osati kuti awaulutse. Chombo chinalemera 378. Anatumiza nthawi ili 4:20, natsuka kapu yake, napita kunyumba.

Magulu khumi ndi limodzi anatumiza mapempho. Mu Okutobala komiti inaitana anayi, ndipo gulu la a Otsuki linali limodzi mwa iwo. Lililonse linapatsidwa mphindi makumi awiri, ndi kabelu patebulo. Kabelu kanalira a Pulofesa ali pa anthu akale olawira m'mamawa aja.

Pa mafunso, mayi wina wachikulire wa m'komiti, amene anali ndi pensulo kukhutu ndipo sanamwetulire chiyambire m'mawa, anatembenuza masamba mpaka pamndandanda wa zolemera.

"Mabatire a mtundu uwu ine ndinawanyamulapo ndi manja," anatero. "Anuwa mwawadyetsa chiyani?"

Hirose anayang'ana nsapato zake. Mayiyo sanadikire yankho. Anati wawerengapo mapempho atatu akale a gululi, ndipo monsemo munali chibaluni. Anafunsa kuti chapita kuti.

"A Kurihara ayankha," anatero a Pulofesa, monga ankachitira ndi mafunso onse okhala ndi minga.

Sumie anaimirira. "Sichinakwane pasikelo," anatero, nakhalanso pansi. Mayiyo analemba kanthu ndi pensulo yake.

Kalata inabwera mu Disembala, ndipo kwa nthawi yoyamba sinayambe ndi kuthokoza chifukwa cha khama. Gulu la a Otsuki linali limodzi mwa awiri osankhidwa. Koma panali ndime yachiwiri. Komiti inaona kuti manambala a chombochi ndi onenepa, ndipo malo alipo ambiri. Inaonanso kuti ulendo wa ku Nthanda wopanda kulowa m'mitambo ndi ulendo wofika pakhomo n'kubwerera. Choncho inalamula kuti chombo chinyamule chibaluni. Chibalunicho chikhale cha gulu la Dokotala Anzai, la yunivesite ina ya kumpoto, limene pempho lake linagwa chifukwa chombo chawo chinali chofooka, koma chibaluni chawo komiti inachiwerenga n'kuchipatsa malikisi. Malamulo sankalola kusankha chinthu chimene komiti sinachiwerenge pa mpikisano uno. Mutu wachinayi sunawerengedwe. Unali m'kompyuta ya Sumie, m'foda yotchedwa "zakale".

Madzulo a tsikulo gulu linatsegula mabotolo m'chipinda cha misonkhano. A Pulofesa anayankhula. Anati iwo pansi pa mtima ankamva chiyambire kuti chombochi chikusowa chibaluni, ndipo n'zosangalatsa kuti komiti yafika pa maganizo omwewo. Ebina anatsamwa mowa. Sumie anaomba m'manja pamodzi ndi ena, ndipo anazindikira kuti manja ake akuomba bwino ndithu, ngati a munthu wina.

Lolemba lotsatira panamveka gogogo pachitseko chake. Anali a Pulofesa, ndi kabokosi. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, aka kanali koyamba kumugogodera iye poyamba. Anafunsa za Michio, amene anamutchula kuti Mitsuo. Kenaka anati Anzai ndi mnyamata wanzeru koma chibaluni chake chili papepala pokha, sanachiviikepo mu asidi ngakhale kamodzi. Zikanakhala bwino a Kurihara akanamupatsa makope awo ndi chibaluni choyeserera chimene anamanga. Chifukwa cha sayansi.

Sumie anamasula kapepala kobiriwira n'kudya keke pamaso pawo. Inkamveka nyemba.

"Chabwino, Sensei."

Mu Januwale anatsikira kuchipinda chosungiramo katundu kukalongedza. Makope anali khumi ndi asanu ndi anayi, chaka chilichonse lake. Anatsegula loyamba kuti aone ngati mulibe za yekha, monga manambala a foni kapena zonyoza akuluakulu. Patsamba lina, m'zilembo zake za kale zozungulira bwino, panali mndandanda: nsalu ya chibaluni, botolo la mpweya, chishango cha kutentha, tizipangizo toyezera, wailesi. Pansi pa mzere panalembedwa 58. M'munsi mwake, ndi inki ina, munali mawu ochepa: "Kuwonjeza 4, ndingadzachite manyazi. Ndilemba 62."

Anatsegula kope lachiwiri. 62. Kope lachitatu, 62. M'makope onse otsatira nambalayo inkangokoperedwa, kuchoka m'pempho lina kulowa m'linzake, mpaka inamera mizu. Zidutswa anaziyesa kambirimbiri mu asidi, m'ng'anjo, m'firiji. Kuziika zonse pamodzi pasikelo sanakuganizirepo, popeza munthu sayeza chimene akuchidziwa.

Sikelo inali pakona, pansi pa makatoni. Anaikoka, naikapo zidutswa chimodzichimodzi, nalemba, nawonkhetsa kawiri. Zinakwana 58, kuchotsapo timagalamu tochepa.

Anakhala pabokosi. Makina otenthetsa chipinda ankalira ndi kamawu kawo kamodzimodzi. 36 ndi 4: makilo 40 aja. Anadikiranso basi ija, ndipo ulendo uno anadikira ndithu, mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenaka anayang'ana wotchi n'kuona kuti 12 koloko yadutsa, ndipo soba amatha msanga Lachiwiri.

Nagumo anali pakona pake. Sumie anaika thireyi patsogolo pake n'kukhala.

"Wa pasikelo ndi 58," anatero.

Nagumo anasiya kutafuna. Anali munthu wa masamu, choncho sizinamutengere nthawi. Anatsegula pakamwa, ndipo Sumie anayembekezera mwambi. Koma anangotola dzira la m'mbale mwake ndi supuni, naliika m'mbale ya Sumie, napitiriza kudya.

Bokosi linatsogola pagalimoto ya katundu. Sumie anatsatira pasitima Lachisanu, makope ali m'chikwama cha matayala. Kumpoto chipale chofewa chinali chitakwirira minda yonse, ndipo Anzai anamuchingamira pasiteshoni opanda chipewa, makutu ali psuu. Anali bambo wa zaka 41, waulemu wochititsa manyazi. Anati anawerenga zonse zimene a Kurihara analemba, zina kawiri, ndipo chibaluni chake ndi mwana wa chawo. Anati sakudziwa ayang'ane kuti. Sumie anati ayang'ane msewu, kukuterera.

M'labotale yake anatambasula nsalu patebulo lalitali. Sumie anamuonetsa msoko umene umayamba kudontha tsiku lachitatu mu asidi, ndi guluu amene amaoneka wabwino koma amanama, ndi valavu imene imakakamira kukazizira. Anayankhula maola awiri, mawu ali phee, ngati akuwerenga ndandanda ya sitima. Anzai ankalemba osadzutsa mutu. Pamapeto anati palibe nzeru yomangira chake pamene ichi chilipo kale, chokhwima. Adzamanga ichi, ngati a Kurihara alola.

"Ndabweretsera zomwezo," anatero Sumie.

"Sabata yamawa a Nagumo akufuna nambala. M'mapepala anu munkati 62."

"58."

Anzai anadzutsa mutu.

"58," anabwereza Sumie. "Ndayeza ndekha Lachiwiri, chidutswa chilichonse. Mulembe 58, a Anzai. Musawonjeze kanthu."

Anzai anaimirira n'kuwerama kwambiri, nati mawu amenewa sadzawaiwala. Sumie anapita pakhomo kukatenga chikhoti chake pamsomali. Galasi la chitseko linkaonetsa tebulo kumbuyo kwake. Anaona Anzai akukhala pansi, akukoka kope. Analemba 58. Cholembera chinaima m'mwamba kanthawi. Kenaka chinatsika, ndipo pambali pake, m'tizilembo tating'ono, analemba +3.

Sumie anamanga mabatani a chikhoti kuyambira pansi mpaka pakhosi. Sitima yobwerera inali ya 3:12, ndipo inafika nthawi yake.